Kodi zithunzi za katundu zikuulula komwe ndimakhala?

Abale pagulu pano ndithandizeni. Ndimagulitsa zitenje, kuoda ndimaoda ku Kamwala koma katundu amakhala kunyumba ku Chilenje, ndipo kujambula ndimajambulira pompo pakhonde. Makasitomala amadandaula kuti WhatsApp ikufinya chithunzi mpaka maluwa a chitenje osaoneka bwino, ndiye ndinayamba kutumiza ngati document. Manje mwana wa achemwali anga wandiopseza, akuti m'chithunzi mumabisala tsiku, ola, mtundu wa foni, mpaka malo enieni amene ndinaima, moti munthu atha kufika pageti osafunsa njira. Zoona zimenezi? Ine ndimakhala ndi ana okhaokha. Nditani kuti chithunzi chipite chooneka bwino koma chopanda malo?

Wokonza mafoni mutauni: Mwanayo sakunama mayi, zimenezo ndi EXIF. Mukatumiza mwamasiku onse WhatsApp imazichotsa, koma document imapita momwe ilili, chimodzimodzi imelo ndi Bluetooth. Lowani mu settings za kamera muzimitse location, zatsopano zonse zizituluka zopanda malo. Zakalezo zili nawobe, muzichita kuchotsa.

Mwini funso: Kuchotsa kwake bwanji achimwene? Yanga ndi iPhone.

Wokonza mafoni mutauni: Mukatsegula chithunzicho mu Photos n'kudina share, pamwamba pali Options, zimitsani Location musanatumize. Pa kompyuta ya Windows ndi Properties, kenako Details, pansi pali pochotsera.

Mayi wina wa ku Matero: Ine ndimangochita screenshot basi, malo sapita nawo.

Wosindikiza zithunzi: Screenshot ija imapha kuwala kwa chithunzi, mubwereranso kudandaulo lomwe lija. Komanso poti mwati iPhone, kuyambira 2017 imasunga zithunzi mu mtundu wa fayilo wotchedwa HEIC, ndiye mukatumiza document kasitomala wa foni yakale kapena ife a makompyuta okalamba sititsegula, timangoona kafayilo kokana. Pitani mu Settings, pa Camera, Formats, musankhe Most Compatible kuti zizikhala JPEG, mtundu wamasiku onse uja. China, timaapu tina tochotsera EXIF timafufuta ndi chizindikiro chouza kompyuta kuti kumwamba ndi uku, chitenje n'kutuluka chogona chammbali, ndiye muziyamba mwatsegula nokha.

Bambo wina: Facebook nayo imachotsa EXIF pa zithunzi zimene anthu akuona, koma iwo eni amakhala awerenga kale. Komanso mayi, ndaona zithunzi zanu pa Marketplace, msika wa pa Facebook uja, nambala ya nyumba ikuonekera pakhoma kumbuyo kwa zitenjezo.

Mwini funso: Mayo ine! Ba admin musatseke kaye, ndikukazichotsa ndibwere.