Kampani ikufuna kundilipira pa pulogalamu yanga yaulere, ndisayine?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu ndithandizeni nzeru, mutu waima. Zaka 3 zapitazo ndinalemba kapulogalamu kosungira kaundula wa banki mkhonde: wasunga zingati, wabwereka ndani, chiwongoladzanja chafika pati. Khodi yonse (malangizo amene pulogalamu imayendera) ili pa GitHub, webusayiti yosungirapo khodi, aliyense amangotenga. Tinayamba awiri koma mnzangayo analowera ku Joni, pa WhatsApp sayankha chonsecho masitetasi amaika daily. Laputopu ndi ya alamu, batire inafa, magetsi akathima nayonso yathima. Bandulo ndimagula ndekha, mayi a kunyumba akuti ndinakwatira kompyuta. Anthu amaimba 5 koloko m'mawa kuti "chinthu chanu chija chakana", ngati anandilemba ntchito. Pano kampani ina yobwereketsa ndalama yati izindipatsa kangachepe mwezi ndi mwezi kuti ndipitirize. Atumiza chipepala choti ndisayine pofika Lachisanu. Nditani?

Achemwali a ku Area 25: Chipepalacho chikuti chiyani? Nanga laisensi yanu, chilolezo chonena mmene ena angagwiritsire ntchito khodiyo, ndi iti, GPL kapena MIT?

Mdala wa Linux: OSASAYINA mphwanga. Kampani ilibe m'bale. Kampani ya Oracle itagula kampani ya Sun mu 2010, pulogalamu yaulere ya Sun yolembera zikalata, OpenOffice, inathera kuti? Anthu anachita kunyamula khodi n'kukayambitsa LibreOffice. Kafunseni amene anali ndi maseva (makompyuta otumikira makompyuta ena) a CentOS 8, mtundu wa Linux (pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta) umene unali m'manja mwa kampani ya Red Hat. Ankadziwa kuti ikhala mpaka 2029, mu Disembala 2020 Red Hat inangolengeza kuti ithera kumapeto kwa 2021. Ndipo apo n'kuti IBM itagula Red Hat pa 34 biliyoni ya madola. Chaona mnzako chapita!

Mayi a Tadala: A Mdala, inu ufuluwo mumadyera ndiwo? Munthu alibe ndi batire yomwe. Mu 2014 chibowo cha chitetezo chotchedwa Heartbleed chitapezeka mu pulogalamu yaulere ya OpenSSL, dziko linadabwa kuti OpenSSL, imene inkateteza mawebusayiti ochuluka zedi, inkalandira zopereka pafupifupi madola 2,000 pa chaka. Anasonkha ndalama pambuyo pake ndani? Makampani omwewo, kudzera ku Linux Foundation. Ndipo Linux yanuyo ambiri oilemba amalandira salale ku Intel, Google ndi Red Hat.

Mdala wa Linux: Amalandira inde, koma palibe mmodzi amene angati "ndi yanga ndekha". Kusiyana kwake n'kumeneko mayi. Pulogalamu ya Terraform inali ya kampani imodzi, HashiCorp, mu Ogasiti 2023 anasintha laisensi, anthu n'kuyamba yawo yaulere, OpenTofu. Redis chimodzimodzi mu Malichi 2024, kunabadwa Valkey. Ndipitirize?

Mayi a Tadala: Ayi, tamva kale chaka chatha.

Jah Bless Phone Repair: Sayinani bwana, mugule batire, mubweze laputopu ya alamu ukwati usanathe. Ma batire ndili nawo, inbox.

Achemwali a ku Area 25: Ndikubwerezanso, laisensi ndi iti? Ngati ndi MIT kampaniyo itha kutenga khodi lero lomwe, kuitsekera n'kumagulitsa popanda kukupatsani olo tambala. Ndiye funso ndi loti akufuna kugula chiyani kwenikweni. Fufuzani m'chipepalamo ngati muli mawu osamutsa umwini. Komanso mnzanu wa ku Joni ali ndi gawo lake pa zimene analemba, simungagulitse mbuzi ya mwini.

Gogo Chalo: Za banki mkhonde musandikumbutse. Msungichuma wathu anathawa ndi bokosi mu Novembala, sabata imodzi tisanagawane. Pulogalamu yanuyo ikanamugwira mwendo?

Sysadmin Wotopa: Chimene ndikuopa ine ndi kutsala nokhako. Pulogalamu yaulere yopanikiza mafayilo ya XZ Utils ankaisamala munthu mmodzi, Lasse Collin, atatopa. Kunabwera wina wodzitcha Jia Tan, wothandiza bwino, wofatsa, mpaka anamukhulupirira. Kenako anabisamo khomo lolowera akuba. Linagwidwa mu Malichi 2024 chifukwa choti Andres Freund anaona kuti SSH, njira yolowera mu kompyuta ina uli kutali, ikuchedwa ndi theka la sekondi. Theka la sekondi abale! Kuno netiweki ikachedwa mphindi 5 timangoti kunja kuli mitambo. Pezani wachiwiri, kaya musayina kaya ayi.

Mdala wa Linux: Ndipo Freund ameneyo anachita mwa chidwi chake, sanamutume.

Mayi a Tadala: Freund ameneyo amagwira ntchito ku Microsoft, a Mdala kkkkk.

Mdala wa Linux: Zimenezo n'zina. Ine ndinayamba Linux inu mukuyimba a e i o u. Ana a masiku ano mukangomva fungo la ndalama, basi nzeru zonse zabalalika. Mawa adzati chotsani ichi, ikanimo logo yathu, onjezani batani la ngongole. Kampani yobwereketsa ndalama ikufuna chiyani ku kaundula wa amayi a m'mudzi? MANAMBALA A FONI. Mudzandikumbuka.

Achemwali a ku Area 25: Apa pokha a Mdala anena zoona. Nkhani ya data ilembedwe padera.

Bambo a Wongani: Ine zinandionekera. Bungwe lina linkatilipira zaka 2, thandizo litaduka seva anazimitsa mwezi womwewo, mpaka lero ndili ndi ngongole ya lendi. Wothandiza mmodzi ndi woopsa. Ngakhale Firefox, pulogalamu yotsegulira mawebusayiti, ndalama zake zambiri zimachoka ku Google yokha. Onani DHIS2 imene zipatala zathu zimatumizira malipoti: imayendetsedwa ndi University of Oslo ndipo oithandiza ndi angapo. Inuyo auzeni akulipireni ngati ganyu yokonza ndi kuphunzitsa anthu awo, khodi ikhale yanu. Magulu oimba 5 koloko aja nawonso azisonkha kenakake. Ndipo Lachisanu si lamulo la Mose, pemphani masabata awiri loya aone.

Jah Bless Phone Repair: Loya wa ndalama ziti, munthu alibe batire?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, ndawerenga. Alamu abwera kudzatenga laputopu, akuti mwana wawo ali ndi asayimenti. Mnzanga uja waika sitetasi ali ku Durban pa nyanja. Ndiye mukuti ndisayine?

Achemwali a ku Area 25: Achimwene. LAISENSI.