Galimoto ya MGB ya 1972 yomwe yakhala zaka osayenda: tiyambire pati?

Wa ku Luchenza: Akuluakulu, MGB ya 1972 yakhala panja zaka zambiri, injini siyikuzungulira. Ndalama n'zochepa. Choyamba n'chiyani?

Wa ku Chitakale: Achimwene, musagule kanthu musanaone dzimbiri. MGB ilibe chasisi chapadera, mphamvu yake ili m'bodi, makamaka ma sill omwe ali m'munsi mwa zitseko. Ndi chinyezi cha kuno ndi chiperoni, amawola kuchokera m'kati. Bayani ndi sikuludiraiva. Akabooka, chitsulocho chidulidwe n'kuwotchereraponso china, osati kumata filler (phala lotsekera mabowo). Podula, mangani chitsulo chopingasa pakhomo la chitseko, apo ayi bodi ipindika, zitseko osatsekanso. Penti isiyeni kumapeto.

Wa ku Thyolo Boma: Injiniyo musaikakamize ndi sitata, muthyola ma ring a mapisitoni. Chotsani mapulagi onse 4, thirani dizilo pang'ono m'bowo lililonse, idikireni sabata, kenako izungulitseni pang'onopang'ono ndi sipanala pa pulley, kagudumu ka lamba komwe kali kutsogolo kwa injini m'munsi. Ikamasuka, thirani oilo watsopano wa 20W-50 ndi fyuluta. Ma valve atalikirane 0.38 mm injini ili yozizira, ma point a mu distributor (chogawa moto ku mapulagi) chimodzimodzi, mapulagi 0.64 mm. Makabuleta ake awiri a mtundu wa SU amangofuna kutsuka, ndi oilo pang'ono m'ma dashpot, timiphika tomwe tili pamwamba pake.

Wa ku Bvumbwe: Petulo wathu amasakaniza ndi ethanol, amadya mapaipi akale a labala. Sinthani onse, thanki mutsuke. Mabuleki musanyengerere: ikani ma seal atsopano ndi mafuta a mabuleki a DOT 4 musanatsike nayo zitunda za Thyolo.