Munda unakwiririka ndi mchenga wa Freddy, ndiutani?

Moni nonse abale ndi alongo. Ndili kuno ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi. Namondwe wa Freddy atawomba mu Marichi 2023, munda wanga wa ekala imodzi unakwiririka ndi mchenga ndi miyala, pena mpaka m'mawondo. Miyalayo tinatola ndi ana. Ndathirapo manyowa a mbuzi ngolo ziwiri, feteleza ndathiranso, koma chimanga chimangofika m'chiuno n'kuchita chikasu. Mchenga susunga madzi, ndiye ng'amba ya 2024 ija inangomaliziratu. Alangizi ndawalondola kawiri, osawapeza.

Inu amene zinakuonekeranipo, munatani kuti nthaka ibwerere? Ndiyambe ndadzala nandolo kapena mbatata? Nanga kukumba mayenje mpaka kupeza dothi lakale kungathandize? Mvula yayandikira, chonde ndithandizeni nzeru.