Mayi ali ndi shuga ndipo mano akugwedera, tiwazulitse?

mwana_wa_ku_Bembeke

Moni nonse. Mundithandize maganizo pa nkhani ya mayi anga. Ali ndi zaka 71, amakhala kumudzi kufupi ndi Bembeke, ine ndili pa Dedza boma. Shuga anawapeza naye zaka 6 zapitazo, BP inabwera pambuyo. Amamwa metformin wa shuga, HCT ndi amlodipine a BP, ndipo sajomba, ndimawaperekeza ndine kukatenga.

Loweruka ndinawatengera mondokwa wootcha. Mayi amene kale ankakukuta chimanga chokazinga ngati mtsikana anangomutembenuza m'manja, n'kupatsa mdzukulu. Ati "mano anatha awa." Ndinawakakamiza kuyasamula n'kuunika ndi tochi ya foni. Mano awiri akutsogolo a m'munsi akugwedera. Nkhama zatupa, pena zakwera mpaka kuphimba theka la dzino. Limodzi lotafunira labowoka m'munsi mwenimweni, pamene limakumana ndi nkhama. Fungo nalo lilipo, ndisaname.

Chandisowetsa tulo ndi kadyedwe. Nsima akungolawa, masamba ati akulowa m'mano, nyama anasiya kale. Akudalira phala ndi tiyi woviikamo buledi, ndipo mchemwali wanga akuti shuga akumathira mobisa. Pamfundo ya chitenje chawo, pomwe amamangapo ndalama, ndinapeza masuwiti atatu. Ati kukamwa kumauma usiku. Mwezi watha shuga wawo anakwera.

Achimwene akuti tizulitse onse ogwederawo nkhani ithe. Azakhali akuti munthu wa shuga sazulidwa dzino, bala silipola. Eni ake akuti ndi ukalamba basi. Ndimvere ziti?

wakachewere_Lizulu

Pepani achemwali. Za azakhalizo si zoona kwenikweni. Bambo anga ali ndi shuga ndipo anazulidwa awiri chaka chatha, anapola bwinobwino. Koma tsiku loyamba anatibweza, BP inali pamwamba. Ndinakwiya, ndalama ya minibasi inapita pachabe, koma anati tikonze kaye BP ndiye tibwerenso. Mukamapita lawirani m'mawa, adye kaye, amwe mankhwala awo monga mwa masiku onse, ndipo buku la kuchipatala musaiwale. Chinanso, asamaike asipirini pa dzino. Bambo anachita zimenezo, nkhama inapsa n'kuyera kuti mbuu, dzino likupwetekabe.

wamano_Ntcheu

Zikomo achemwali pounika m'kamwamo, ambiri amabwera nawo makolo tsaya litatupa kale. Ine ndi dental therapist, wothandiza odwala mano koma osati dokotala wa mano, ndinaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Sindinawaone mayi, choncho izi zisalowe m'malo mopita nawo kuchipatala.

Mawu akuti ukalamba ndimawamva tsiku lililonse ndipo amandipweteka. Dzino siligwedera chifukwa cha zaka. Limagwedera chifukwa fupa limene laligwira ladyeka ndi matenda a nkhama, chiseyeye chija chikakhalitsa. Shuga akakhala wokwera thupi limalephera kulimbana ndi tizirombo ta m'nkhama, ndipo nkhama zikamatukusira nazo zimapangitsa shuga kuvuta kutsika. Onjezani zimene mwanenazo: mano akupweteka, munthu athawira ku phala ndi tiyi wa shuga, shuga akwera, nkhama ziipiraipira. Shuga amene anakwera mwezi watha uja n'kutheka anayambira m'kamwa momwemo.

Nkhama zokwera pa dzinozo zandikumbutsa amlodipine. Mankhwala amenewa, komanso nifedipine, kwa anthu ena amakulitsa nkhama, makamaka ngati m'kamwa simukutsukidwa bwino. HCT nayenso amatha kuumitsa kukamwa, monganso shuga wokwera. Koma chonde asasiye kumwa ngakhale tsiku limodzi, sitiroko ndi yoopsa kuposa nkhama. Kauzeni adokotala ku kiliniki ya shuga ndi BP, awaone m'kamwa, iwo ndi amene angasinthe mankhwala ngati kuli koyenera.

Masuwitiwo ndiye achoke lero. Malovu ndi amene amatsuka mano ndi kuchepetsa asidi amene tizirombo timapanga tikadya shuga. Usiku malovu amachepa mwa aliyense, nanji mwa mayi. Suwiti yosungunuka pang'onopang'ono m'kamwa mouma ndiyo yabowola dzino m'munsimo, chifukwa nkhama ikatsika muzu umakhala pamtunda, ndipo muzu ulibe chikopa cholimba chija cha pamwamba pa dzino. Aikireni botolo la madzi pamutu pa mphasa, azingopsontha akamva kuuma.

Kutsuka kukhale kawiri pa tsiku, kofunika kwambiri ndi kogonera. Mswachi wofewa, mankhwala okhala ndi fluoride amene amalimbitsa mano (werengani pa chubu, ambiri amalemba 1450 ppm), mphindi ziwiri, mswachi uzikhudza pamene dzino lakumana ndi nkhama. Akatha alavule, asachukuche ndi madzi, mankhwalawo atsalire pa mano. Magazi akatuluka asaleke. Anthu amaona magazi n'kusiya kutsuka, pamene magaziwo akusonyeza kuti pamenepo ndi pofunika kutsuka. Kawirikawiri amachepa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Achimwene anu asathamange. Si dzino lililonse logwedera lofunika kuzula. Ena tikapala zouma zokakamira m'mbali mwa nkhama ndipo shuga akatsika, amakhazikika n'kutafunirabe. Lobowokalo mwina limatika, mwina ayi. Yambirani pa chipatala cha boma pa Dedza pomwepo, zikafunika zambiri akutumizani ku Kamuzu Central. Madokotala a mano dziko lino linayamba kuphunzitsa lokha mu 2019, ndiye m'maboma muno amene mumapeza kwambiri ndi ife.

Funso limodzi: mayi amaika fodya wopera m'kamwa?

mphunzitsi_wopuma

A wamano mwafotokoza bwino, koma kumudzi chubu cha Colgate chimapikisana ndi mchere ndi sopo. Agogo anga ku Tsangano ankatsuka ndi kamtengo ndi makala osinja, anamwalira mano ali gwa. Ine ndili ndi zaka 68, mswachi ndinayamba kalekale, koma anayi anapita. Ndiye cholakwika n'chiyani?

wamano_Ntcheu

Aphunzitsi, agogo anuwo tiyi wa masupuni atatu ankamwa kangati pa tsiku? Sobo, mabisiketi, zinalipo? Kamtengo sindikanyoza, kogwiritsa bwino kamachotsa zokakamira, kungoti kalibe fluoride. Makala ndi phulusa ndiye ayi, zimapala dzino, makamaka muzu umene uli poyera. Za mtengo ndikuvomereza, koma mankhwala ofunika pa mswachi ndi ochepa ngati kanjere ka nsawawa, osati kudzaza mswachi wonse ngati pa chithunzi cha pa katoni. Kachubu kakang'ono kamakhalitsa.

mwana_wa_ku_Bembeke

Zikomo nonse. Fodya amaikadi, pansi pa mlomo wa m'munsi, pomwe pali mano ogwederawo. Ndinali ndisanaganizepo n'komwe.

wamano_Ntcheu

Mukanene zimenezo kuchipatala, aone bwino pamene amaikapo. Chilonda kapena chibanga choyera chimene chatha masabata atatu osachoka sichofunika kudikira nacho, khansa ya m'kamwa imatha kuyamba motero. Ndipo fodyayo amawononganso nkhama, ayambe kusiya.

mwana_wa_ku_Bembeke

Ndabwera kudzakuuzani. Tinapita Lachiwiri. Lobowoka lija analizula, linali litafika pa mtsempha. Ogwederawo awasiya, apala zouma ndipo akuti tibwerenso akaone. Chilonda cha fodya sanachipeze. Za amlodipine tikafunsa tsiku lathu la kiliniki. Mayi anabwerera ataluma thonje, osandiyankhula njira yonse mpaka pa Bembeke turn-off, chifukwa masuwiti ndinapatsa ana. Masamba tikumawadula tating'onoting'ono, nyemba n'kuzipota, ndipo dzulo nsima amaliza mitanda iwiri. Fodya yekha ndiye akuti tikambirane chimanga chikalowa m'nkhokwe.