Basi yakale ya ana asukulu kuisandutsa nyumba yoyenda nayo: ndiyambire pati?

Membala wosatchula dzina:
Muli bwanji nonse m'gulu muno? Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za magalimoto ndi zomangamanga. Pali basi ya Isuzu NQR ya 2008, ya mipando 32, imene inkanyamula ana asukulu ku Soweto, ndipo mwini wake akuigulitsa. Pa disiki ya laisensi palembedwa GVM (kulemera kololedwa ikadzaza) 8,500 kg, tare (kulemera kwake ili yopanda katundu) 5,600 kg. Injini ikulira bwino, koma pansi pafupi ndi chitseko pachita dzimbiri ndipo mawindo awiri amadontha. Maganizo anga ndi ochotsa mipando n'kuikamo bedi, kakhitchini, chimbudzi ndi sola, kuti December tizipita nayo kumudzi ku Malawi kudzera ku Tete, anthu anayi, tizigona momwemo mpaka kunyanja. Laisensi yanga ndi Code 8, ya magalimoto aang'ono. Ndiyambe ndi chiyani? Batire ndi mapanelo zikhale zazikulu bwanji? Nanga apolisi a pamsewu sangandivute?

Makaniko wa ku Booysens:
Achimwene, musanapereke ndalama lowani kunsi kwa basiyo ndi tochi ndi kanyundo. Dzimbiri la pa malata a pansi si mlandu, limadulidwa n'kuwotchererapo chitsulo china. Loopsa ndi la pa chassis, makamaka pamene pamangidwa masipuling'i akumbuyo ndi pa zitsulo zopingasa zimene zasenza bodi. Gogodani: chitsulo chabwino chimalira ngwee, chowola chimangoti phu n'kumayoyoka makoko. Mukapeza chassis yong'aluka kapena yophatikidwa zigamba, isiyeni.

Basi ya sukulu imayenda maulendo aafupi, kuima n'kunyamuka tsiku lonse, ndiye makilomita amaoneka ochepa pamene kilatchi, mabuleki ndi giyabokosi zatopa kale. Mukailize m'mawa injini ili yozizira, osati wogulitsa ataitenthetsa kale. Ikulira choncho tsegulani pothirira oyilo. Kautsi pang'ono n'kabwinobwino, koma ikamapemerera mwamphamvu ndiye kuti ma ring atha. Onaninso ngati m'madzi a radiator muli oyilo kapena thovu. Pa matayala musangoona kuti mano akadalipo, werengani manambala anayi omaliza a DOT olembedwa m'mbali mwa tayala, osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2316 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Tayala lopitirira zaka 6 musapite nalo ku Tete, kutentha kwa kumeneko kukhoza kuliphulitsa. Ndipo ndi matayala 6, sipeya ndi lachi 7, muwerengeretu mtengo wake pokambirana ndi mwini basi.

Dalaivala wa ku City Deep:
Nkhani yaikulu apa ndi mapepala, sola ibwera pambuyo. Code 8 imathera pa GVM 3,500 kg, ndipo chimene amawerenga ndi GVM yolembedwa, osati kulemera kwa galimoto tsikulo. Ngakhale muchotse mipando yonse, basi yanu ikufunabe C1, ija timati Code 10, imene imafika 16,000 kg. Kuwonjezera apo, malinga ngati mapepala akunena kuti ndi basi, woyendetsa ayenera kukhala ndi PrDP (chilolezo cha dalaivala wonyamula anthu), ndipo roadworthy (pepala loti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ya basi imatha miyezi 6 iliyonse. N'chifukwa chake muyenera kuisintha pa NaTIS, kaundula wa boma wa magalimoto, kuti ichoke pa basi ilembedwe motor home (nyumba yoyenda nayo).

Pogula funsani registration certificate yeniyeni, osati fotokope, ndipo onani kuti title holder (mwini wake pa mapepala) ndi wogulitsayo osati banki. Nambala ya chassis ndi ya injini zifanane ndi za pa pepala. Disiki ikakhala kuti inatha kalekale, mwini wake ayambe walipira ngongole ndi zilango zake. Ngati mulibe ID ya South Africa mufunika traffic register number, ndipo umwini umasinthidwa pasanathe masiku 21 mutagula. Kenako pitani ku ofesi ya malaisensi, kaya ku Langlaagte kaya ku Randburg, musanadule kalikonse, mukafunse zimene afune posintha mtundu wa galimoto. Yembekezerani kalata ya sikelo yosonyeza tare yatsopano, police clearance, roadworthy yatsopano, ndi chilolezo chodzera ku NRCS (bungwe la boma loona miyezo ya magalimoto) kapena kwa wopanga mabodi wolembetsedwa. Sungani malisiti ndi zithunzi za ntchito yonse. Popenta musakwirire kapena kupala nambala ya chassis, apolisi akaiona yokhudzidwa nkhani imasanduka ina.

Anthu anayi akufunika mipando inayi ya malamba yomangidwa pansi mwamphamvu. Siyani mipando iwiri ya kutsogolo pamalo pake. Benchi ya matabwa si mpando woyenderapo.

Wowotcherera wa ku Jeppestown:
Mukachotsa mipando musulenso pulasitiki ndi matabwa onse a pansi mpaka muone chitsulo. Mpando uliwonse umasiya mabowo a mabawuti, ndipo bowo lililonse ndi khomo la madzi ndi fumbi. Palani dzimbiri ndi galayindala ya burashi, pakani rust converter, ikauma pakani primer kawiri. Mabowo aang'ono tsekani ndi tizidutswa ta malata tomata ndi guluu wa Sikaflex 221, aakulu awotchereredwe. Musanawotcherere chotsani mawaya a mabatire onse awiri ndi pulagi ya kompyuta ya injini, ndipo onani pamene padutsa mapaipi a dizilo ndi a mabuleki. Mawindo aphimbeni ndi makatoni chifukwa nthethe za galayindala zimakanirira m'galasi ndipo sizichokanso.

Mawindo odonthawo azulidwe, mphira wakale achoke, amatidwe mwatsopano. Silicone ya ku bafa musaigwiritse ntchito pa bodi: imamatuka ndi kugwedera, penti saigwira, ndipo ya fungo la viniga ija imadyetsa chitsulo dzimbiri. Mukamaliza thirani madzi ndi paipi padenga kwa mphindi 20 wina ali mkati akuyang'ana. Kudontha kuthe matabwa asanalowe.

Zoletsedwa ziwiri: musadule nthiti za denga kapena za m'mbali poika fani ndi zenera, boolani pakati pa nthiti ziwiri. Ndipo musaboole kapena kuwotcherera milomo ya chassis, ya pamwamba ndi ya pansi, chifukwa mng'alu umayambira pamenepo. Mabulaketi a matanki amangidwe pa mabowo amene alipo kale m'mbali mwake.

Kalipentala wa ku Mayfair:
Malo a katundu muli nawo okwanira, 8,500 kuchotsa 5,600 kwatsala 2,900 kg, ndipo mipando ikachoka muwonjezerako. Vuto silikhala kuchuluka, limakhala poika. Ambiri amaunjika thanki ya madzi, mabatire ndi bedi kumbuyo kwa matayala akumbuyo, kutsogolo n'kupepuka, chiwongolero n'kumayandama. Ena amaika khitchini, firiji ndi thanki mbali imodzi, basi n'kupendekeka. Zolemera zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, zogawidwa mbali zonse ziwiri. Kayezetseni pa sikelo mutangochotsa mipando, axle iliyonse payokha, ndiponso mukamaliza matanki ali odzaza.

Johannesburg mu June m'mawa kumachita chisanu, ku Tete mu December kumapsa, ndiye musadumphe zotchinjiriza kutentha. Ikani Isoboard (mabolodi a thovu lolimba) ya 25 mm pansi ndi m'mbali, 40 mm kudenga ngati mutu wanu sugunda, mipata yotsala mutseke ndi thovu lopopera pang'onopang'ono chifukwa likachuluka limatukumula malata. Denga kunja lipakidwe loyera. Pansi yalani marine ply ya 12 mm, makabati 9 kapena 12 mm pa mafelemu opepuka, zipupa ndi denga 4 mm. Chipboard ndi supawood ayi: zimalemera, zimafufuma zikanyowa, ndipo masikuluwu amasololoka ndi mabampu. Chilichonse chachikulu chimangidwe ndi mabawuti a M8 oboola pansi, kunsi kwake kukhale kambale ka chitsulo ndi nati ya nyloc (yosamasuka ndi kugwedera). Zitseko za makabati ziikidwe zotsekera zokhoma, apo ayi pa kona yoyamba mapoto onse ali pansi.

Wa magetsi ku Rosettenville:
Tiyeni tiwerengere kaye musanagule. Firiji ya 12V ya kompuresa ya malita 60 kukatentha imadya pafupifupi 600 Wh (muyezo wa magetsi odyedwa) pa tsiku. Magetsi a LED amadya 100 Wh, mafani awiri 200, pampu ya madzi 40, mafoni ndi laputopu 250, TV 150. Zonse pamodzi zili cha m'ma 1,350 Wh. Batire ya lithium ya LiFePO4 ya 12.8V 200Ah imasunga 2,560 Wh, ndiye ingakusungeni pafupifupi masiku awiri kopanda dzuwa. Mapanelo awiri a 330W ogonekedwa padenga amabweza cha m'ma 2,000 Wh pa tsiku ladzuwa, zakwana.

Pamene anthu amapsetsa zinthu ndi apa. Basi yanu ndi ya 24V, mabatire awiri olumikizidwa motsatizana. Musatenge 12V pa batire imodzi mwa awiriwo, imodzi imaphwa inzake n'kumawira, onse awiri amafa. Gulani DC-DC charger ya 24V kupita 12V ya 30A kuti batire ya m'nyumba izitchajidwa mukuyenda, ndipo kuti firiji isaphwetse mabatire olizira injini. Chachiwiri, yang'anani Voc (ma volt apamwamba amene panelo imatulutsa) kumbuyo kwa panelo. Ikakhala 46V, awiri motsatizana ndi 92V, ndipo m'mawa wozizira imakwera kufika pafupi ndi 100V, pamene MPPT (chotchajira batire kuchokera ku mapanelo) ya 100/50 imathera. Alumikizeni mbalimbali kapena gulani ya 150V.

Inverter (chosandutsa magetsi a batire kukhala a 220V) ya 2,000W pa 12V imakoka kupitirira 180A. Nthambo yake ikhale 70 mm², yaifupi, ndi fyuzi ya 250A pafupi penipeni ndi batire. Fyuzi imateteza waya, ndiye waya aliyense wochoka ku batire akhale ndi yake. Gwiritsani ntchito mawaya a tiulusi tambiri, osati olimba a m'nyumba aja, chifukwa amathyoka ndi kugwedera, ndipo podutsa pa malata paikidwe mphira. Mbali ya 220V ikhale ndi earth leakage (swichi yodula magetsi akathawa) ya 30 mA ndi pulagi ya buluu ya 16A ya ku ma caravan park. Kumudzi masoketi ndi a mano atatu afulati, tenganiko adaputa. Lithium satchajidwa kuzizira kukafika pansi pa 0°C, ikani batire mkati, osati kunsi kwa basi. Ketulo, ayironi ndi mbaula ya magetsi muiwale, phikani ndi gasi.

Makaniko wa ku Booysens:
Akulu a magetsi, bwanji osangopanga zonse 24V poti basi ndi ya 24V kale? Ma amp amatsika ndi theka, nthambo ya 35 mm² ikwana.

Wa magetsi ku Rosettenville:
Mwanena zoona akulu, ndipo akafuna inverter ya 3,000W ndiye njira yake ndi imeneyo. Koma pa katundu wochepa chonchi 12V ili bwino chifukwa pampu, fani kapena babu ya 12V ikafa ku Mangochi aipeza pa shopu ya zida za galimoto. Komanso ngakhale mbali zonse zikhale 24V, DC-DC ikufunikabe, lithium imakoka mopanda malire ndipo imapsereza alternator.

Mayi a mobile kitchen ku Yeoville:
Bambo, gasi yekhayo musaike nokha. Pezani wolembetsedwa ku SAQCC Gas (bungwe lolembetsa oika gasi) aike motsatira malamulo a SANS 10087-2, akupatseni satifiketi. Moto utabuka popanda pepala limenelo a inshuwalansi ali ndi chifukwa chokanira. Silinda ya 9 kg iime chilili, yomangidwa ndi lamba, m'bokosi lotsekeka kumbali ya mkati, lotsegukira kunja, lokhala ndi bowo pansi. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akathawa amatsikira pansi n'kudikira moto. M'bokosi limenelo musakhale waya kapena batire. Regulator ikhale ya 2.8 kPa, paipi ya kopa, ndipo poyenda silinda itsekedwe. Giza ya gasi utsi wake utulukire kunja. Ikani alamu ya carbon monoxide pafupi ndi bedi, chozimitsira moto pafupi ndi chitseko, ndipo khomo la ngozi lakumbuyo musalitseke ndi kabati. Mbaula ya makala isalowe mkati ngakhale kuzizire bwanji.

Za madzi, lita imodzi ndi kilo imodzi. Malita 150 akwana anthu anayi masiku atatu ngati akusamba mosamala. Thanki ikhale ya zipupa mkati kuti madzi asamakankhe basi pobuleka, pampu ya malita 11 pa mphindi yokhala ndi sefa, ndi thanki ina ya malita 80 ya madzi otsukira. Chimbudzi gulani chonyamulika cha Porta Potti, n'chosavuta kukhuthula.

Dalaivala wa ku City Deep:
Za msewu mwachidule. Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza mpaka Blantyre ndi makilomita opitirira 1,700. Nyamulani registration certificate, police clearance, sitika ya ZA, ma triangle awiri, majekete owala ndi chozimitsira moto, ndipo matani zowala zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo. Dziko lililonse mutenga TIP (chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi) ndi inshuwalansi ya third party. Inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA imagwira ku Zimbabwe ndi ku Malawi koma osati ku Mozambique. Pa malire ndi pa ma toll mtengo umatsatira mtundu ndi kulemera kwa galimoto, apanso pepala lonena kuti basi likupwetekani m'thumba. Yezani kutalika kwake mutaika mapanelo ndi fani, lembani pa dashibodi kuti muzikumbukira pa ma filling station ndi pansi pa mitengo.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye Code 10 ndiyamba mwezi uno. Funso lina: bafa la mkati n'lofunika, kapena ndingoika shawa ya panja?

Mayi a mobile kitchen ku Yeoville:
Ya panja, bambo. Paipi yotulukira m'mbali ndi katenti kopinda zakwana. Bafa la mkati limadya malo a 80 cm mbali zonse, limadzaza thanki ya madzi otsukira tsiku limodzi, ndipo nthunzi yake imawoletsa matabwa pokhapokha muike fani yakeyake padenga. Pangani kachipinda ka chimbudzi kokha, pansi pake muikiretu thireyi ndi paipi yotayira madzi, kuti mukadzafuna shawa mudzangowonjezera mpopi osaphwasula kalikonse.