Mmene zikuyendera ndi mphwanga amene ali ndi autism

Miyezi isanu yapitayo ndinafunsa za mphwanga wa zaka 19 yemwe ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza mmene munthu amalankhulirana ndi kuchezera ndi ena), amene ankangokhala pakhomo chilembereni mayeso a MSCE, ndipo ambiri munandilangiza kuti aphunzire ntchito yamanja. Poyamba tinamupititsa kwa kalipentala wina, koma phokoso la makina ochekera matabwa linkamusautsa kwambiri moti ankatseka makutu ndi manja n'kuthawira kuseri kwa shedi, ndipo sanathe ngakhale sabata imodzi.

Tsopano akuphunzira kwa telala wina wa pamsika, bambo wodekha amene anavomera kumamulembera papepala ntchito za tsikulo motsatana, popeza malangizo apakamwa akachuluka amamusokoneza. Amasita zovala, amasokerera mabatani, ndipo ulusi amausanja potsata mitundu mwadongosolo moti mwini shopuyo anasiya kuufunafuna. Chimene chinatitengera nthawi, chomwe sindinachiganizire n'komwe, ndi ulendo wa pa minibasi. Tinayenda naye masabata atatu mpaka anazolowera siteji yotsikira komanso kuwerenga chenji asanachoke pamaso pa kondakitala.

Chaka chamawa tikufuna kukafunsa ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, za njira yoti luso lakeli lidzakhale ndi satifiketi.