Tochi yanga ikuwala mwabuluu, kodi LED yake ndingasinthe?

Wakudimba_Bangula:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi tochi imene alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Si zapulasitiki zapamsika zija ayi, iyi ndi ya aluminiyamu, yosalowa madzi, imadya batire imodzi ya 18650. Pakabokosi pake analemba XM-L2, 6500K. Mphamvu ilinazo ndithu, koma mtundu wa kuwala kwake ndi umene ukundisowetsa mtendere, ndi koyera kopendekera kubuluu.

Ine ndimagona kudimba kulondera chimanga, mvuu zachuluka mwano chaka chino. Miyezi yozizira ino nkhungu ikatsika padambo chakum'bandakucha, ndikaunika ndimangoona zoyera tokhatokha kutsogoloku, mvuu ndikuimva ikufwenthera pafupi koma osaiona. Ngakhale kopanda nkhungu, udzu wouma, dothi ndi mapesi zonse zimatuwa mofanana. Mphiri itagona m'kanjira sungaisiyanitse ndi zinyalala, ndipo inu mukuidziwa mphiri kuti siithawa munthu. Tizilombo touluka natonso timachita kuunjikana pagalasi. Ndamva kuti kababu kam'katimo amasintha. Zoona? Kapena ndingoononga katundu?

Fundi_wa_mafoni_Nchalo:
Zimatheka achimwene, ndipo si ntchito yaikulu ngati mutu wa tochiyo ukutseguka. Mukachotsa galasi ndi kambale konyezimira kaja, mupeza LED itakhala pa kabodi kozungulira, ka kopa kapena ka aluminiyamu, kali ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Njira yosavuta ndi kugula LED ina yomatidwa kale pa kabodi kake, n'kungosungunula mawaya awiriwo, kuchotsa kakale, kuika katsopano. Yezani kaye kabodi kanuko. Tambiri timakhala mamilimita 16 kapena 20.

XM-L2 yanuyo ndi ya mamilimita 5 mbali zonse, imayenda pa mavoti pafupifupi 3, ndipo malire ake ndi ma ampu 3. Ndiye muyenera kupeza inzake ya mavoti 3. Musakopeke ndi zikuluzikulu monga XHP70, zimenezo zimafuna mavoti 6 kapena 12, tochi yanu siingaziyatse. Pa ntchito yanuyo ine ndingasankhe pakati pa Nichia 519A ndi Luminus SST-20, zonse za 4000K. Nambala ya K ikamatsika, kuwala kumanka kukufiirira: 6500K ndi kwabuluu kwanuko, 4000K ndi ngati dzuwa la chakumadzulo, 2700K ndi mababu akale aja a kawaya. Koma nambala imene ikukhudza mphiri ndi ina, ya CRI, imene imasonyeza mmene kuwala kumaonetsera bwino mitundu ya zinthu. Ma LED ambiri a 6500K amakhala ndi CRI ya 70, mulibe kuwala kofiira kokwanira, n'chifukwa chake zofiirira zonse zikukutuwirani. Ziwiri ndatchulazi zimapezeka za CRI yoposa 90. Khungu la njoka ndi udzu zimasiyana bwinobwino.

Dziwiranitu kuti mudzataya kuwala, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu mukaika SST-20. Koma kamtima kake kotulutsa kuwala n'kakang'ono, ndiye imalasa patali ndi kadontho kothina. 519A imamwaza kwambiri ndipo mtundu wake ndi wokongola kuposa SST-20, imene imakonda kubiriwira ukaitsitsa mphamvu. Poti inu mukufuna kuona kumapeto kwa munda, ndingatenge SST-20. 

Zonse ziwiri ndi za mamilimita 3.5, zazing'ono kuposa yakaleyo. Choncho kapulasitiki koyera kamene kamakhazika LED pakati pa bowo la kambale konyezimira sikadzakwananso. Poitanitsa muitanitsiretu kena kogwirizana ndi bowolo. Anthu amakaderera kameneka, koma popanda iko kuwala kumapendekeka, pakati n'kukhala chibowo chakuda.

Gogo_wa_Makhanga:
Mbuya, tochi yodula choncho mukufuna kuing'amba? Ndalama zakunja zikusowa chonchi, ikafa mukaipezanso kuti? Matani kapepala kapulasitiki kachikasu pagalasipo basi. Ife mvuu tinkazithamangitsa ndi muuni wa udzu ndi chigubu, chimanga n'kumakolola.

Fundi_wa_mafoni_Nchalo:
Agogo, kapepalako kamathandiza pang'ono, sindikukana. Kamadula zabuluu, maso amapumako, tizilombo timachepako chifukwa timakopeka kwambiri ndi kuwala kwabuluu. Koma sikangawonjezere zofiira zimene LED sikutulutsa. Njoka idzangosintha kuchoka kotuwa kupita kwachikasu pamodzi ndi udzu womwe.

Za nkhungu ndinene chilungamo: LED yatsopano siidzaiboola. Timadontho ta nkhungu timabweza kuwala kwa mtundu uliwonse, kungoti kofiirira sikuthobwa m'maso ngati kwabuluu. Chimene chimathandiza zedi ndi kagwiridwe. Tochi muziigwira m'munsi, cha m'chiuno kapena pabondo, kutali ndi maso, ndipo muitsitse mphamvu. Yesani usiku uno ndi yomweyo musanagule chilichonse.

Mlongo_wa_ku_Ngabu:
Ine ndimakonza ma sola, ndiwonjezerepo za kutentha. Kwathu kuno October akafika timadutsa madigiri 40, chitsulo chimakhala chofunda kale usanayatse. Pansi pa kabodi pamafunika kaphala kotuwa kaja timapaka pa purosesa ya kompyuta, kochepa ngati njere ya mapira, mutapukuta kakale konse. Kabodi mutenge ka kopa. Mukaiwala phalalo LED imayamba kubuluwira, kenako yapsa.

Chinanso, pomatira mawaya musaunjike solda. Kambale konyezimira n'kachitsulo, kakakhudza nsonga ziwirizo mwapanga shoti, ndipo batire ya 18650 siiseweretsa. Solda akhale wophwatalala, pamwamba muikepo katepi kosapsa kachikasu kaja ali nako okonza mafoni.

Wakudimba_Bangula:
Zikomo nonse. Zogwira m'chiuno ndayesa, zasinthadi, maso a ng'ona ndinawaona akufiira m'mphepete mwa madzi pamene kale pankangoyera. Mutu wa tochi ndayesa kupotokola ndi manja, wakana, ngati anathiramo guluu. Ndipo achimwene a ku Nchalo, nanga nditapeza LED yokha yopanda kabodi?

Fundi_wa_mafoni_Nchalo:
Matochi odula ambiri amawathira zomatira m'mazinga. Chotsani batire kaye, mutenthetse mutuwo pang'ono ndi bulowa yotulutsa mpweya wotentha, muukulunge ndi mphira wa chubu cha njinga kuti manja agwire, kenako potokolani. Pulayala ayi, ingakande kapena kuswa galasi. Kamphira kozungulira kotchinga madzi mukasunge bwino, mvula ikayamba mudzakafuna.

LED yokha ingatheke ngati ili ya mamilimita 5, monga XM-L2 ina ya 4000K, chifukwa ya 3.5 siikhala pa kabodi kanuko. Timaika kabodi pa nsimbi yamagetsi yogadamitsa, solda wa mtovu amasungunuka pa madigiri 183, timanyamula yakale ndi kopanira, kuika yatsopano moyang'ana mbali ya pulasi ndi mainasi, ndipo imadzikokera yokha pamalo pake. Ikangokhazikika muichotse pamoto, mukachedwa mwaiphika. Kachivindikiro kofewa koonekera kamene kali pamwamba pa LED, kotchedwa dome, osakagwira ndi chala. Koma mukatero mwasintha mtundu wokha, CRI yapamwamba ya XM-L2 ndi yovuta kupeza. Tsegulani kaye mundiuze kukula kwa kabodi ndi kwa bowo la kambale, ndili ndi katundu amene ndikuitanitsa mwezi uno, ndingakuphatikizireni.